Wogula Woyamba Sakwiyitsidwa

Saigon, 4 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo yasiya kukuvutani ndipo madzi a mumtsinje sanafike pakhonde. Ine ndili bwino, kungoti nsomba zouma zija zinatha kalekale. Bokosi lanu ndalibweza pa basi yomweyo, kalatayi ili pansi pa mankhwala anu. Ndikudziwa kuti muiika patsogolo pa chithunzi cha malemu abambo kuti nawonso awerenge, ndiye ndilemba mwaulemu.

Zimene mwamvazo n'zoona, ntchito ndasiya. Musalire, sanandichotse. Ndatopa kulemeretsa anthu ena, ndikutsegula yangayanga. Anthu olemba mapulogalamu a pakompyuta azinditumizira zimene alemba, ine ndi anzanga awiri odziwa ntchito tiziwerenga mzere ndi mzere n'kuwauza pamene pabowoka, dzuwa lisanalowe. Ndi zomwe zija inu mumachita potembenuza nsomba pamsika n'kuinunkhiza musanagule.

Vuto ndi limodzi. Tsamba langa la pa intaneti lakonzeka, koma palibe amene wagogoda. Ndalembera makampani ambirimbiri, ndapita kumisonkhano yawo kukamwetulira mpaka masaya kuwawa, onse funso lawo n'limodzi: "Mwaunikirapo yani?" Palibe amene akufuna kukhala woyamba kuvula malaya kwa dokotala watsopano.

Muwauze achimwene a Hoan aziyankha foni. Chikwatire kwa a Luong kuja asanduka nduna. Mukapeza malo m'bokosi muikemonso shuga wa mgwalangwa.

Ndine mwana wanu,
Thuc

Hong Ngu, 9 Ogasiti

Thuc mwana wanga,

Tadzuka. Miyendo ikadali yomweyo, ndipo kalata yako yaonjezera mutu. Ndinaiika kwa abambo ako, lubani anazima kawiri. Utanthauzire wekha, poti ndiwe wophunzira.

Ntchito ya malipiro a mwezi ndi mwezi waitaya kuti uzigulitsa zolakwa za anthu? Kuno zimenezo azakhali ako amagawa ulere. Koma madzi akatayika saoleka, ndiye ndinapita kwa mlosi wa kuseri kwa kachisi. Wanena kuti utsegule Lolemba likubwerali, mwezi wa mizimu yanjala usanalowe, ndipo wokutsegulira malonda akhale wobadwa chaka cha njati, wa dzanja lopepuka. Sitinavutike kufuna. Ndi mlongo wako Hoan.

Ndinakamupeza ndekha kumaiwe. Poyamba anakana, ndinachita kumukumbutsa amene anamubereka. Akutumizira pulogalamu ija anapangira apongozi ake, yoyendetsa makina opukusa madzi kuti tiana ta nsomba tizipeza mpweya. Ndiye tamvera. Mwambo ukuudziwa, unakulira pansi pa benchi langa kumsika. Wogula woyamba sanenerera mtengo, ndipo wogulitsa samukwiyitsa. Iye amapereka, iwe umalandira ndi manja awiri, mumwetulirana, zatha. Uyang'ane zakezo, unene kuti n'zokongola, achoke nkhope ikuwala. Zolakwa ukayambe kufukula kwa wachiwiri.

Ukumbukenso kuti mlongo wako ali pachikamwini. Nyumba si yake, maiwe si ake, ngakhale mpando umene amakhalira ndi wa a Luong. Chimene chamusunga pamenepo ndi pulogalamu imeneyi, chifukwa mwana wa mlongo wawo wa a Luong, Quoi uja, akungodikira tsiku loti alande makiyi. Ukagwedeza pamenepo wagwedeza banja la munthu.

Shuga ndaika. Usagawire anzako aja, sindikuwadziwa.

Mayi ako

Hong Ngu, 10 Ogasiti

Iwe Thuc,

Moni. Ndili bwino, mlamu wako Diem alinso bwino. Foni sindiyankha chifukwa ena timagwira ntchito yonyowa manja.

Pulogalamu ndakutumizira yonse. Ndalipiranso mtengo umene unalemba patsamba lako, osachotsera, ngakhale ndi wakuba masana. Ndachita izi chifukwa cha amayi, usaganize zina. Ntchito imeneyi ndinaiphunzira ndekha, ndi msana wopweteka ndi matumba a chakudya cha nsomba, nthawi imene ena ankadya mabuku kuyunivesite. Yayenda nyengo zitatu osapha nsomba. Maganizo ako sindikuwafuna. Tsegula, tseka, lemba kuti wogula woyamba wakhutira, undisiye.

Hoan

Saigon, 17 Ogasiti

Achimwene,

Moni, mundiperekere moni kwa alamu. Zikomo ponditsegulira malonda. Lipoti ndinakutumizirani Lolemba lomwelo, ndipo popeza chiwerengere mwanditsekera foni, ndabwerera ku bokosi la amayi.

Abambo, amene awerenge kalatayi, ndi mboni kuti ndinatsegula pulogalamu yanu ndi mtima wongoyamikira. Zoyamikira zilipodi, ndinazilemba pamwamba penipeni, koma ndikukudziwani, pamenepo munadumpha. Achimwene, magetsi akathima n'kubweranso, pulogalamu yanu imadzuka n'kusiya makina opukusa madzi ali chizimire, kudikira munthu kuti adzayatse. Kachipangizo koyeza mpweya kakakhala chete, iyo imati zonse zili bwino, siimbira aliyense. Nyengo ya madzi osefukira yafika, ndipo magetsi akwathuko mukuwadziwa. Tsiku lina mudzapeza dziwe lonse layera ndi mimba za nsomba. Munkafuna ndimwetulire pa zimenezo?

Chinanso. Timawu timene timalemba m'mbali mwa pulogalamu ndi tofotokozera mnzathu wobwera m'mbuyo, si todandaulira. Zimene munalemba pambali pa mzere wa magetsi uja, za nkhalamba zija, muzifufute. Amene walamula kaya ndi yani, dzanja limene lalemba ndilo limayankha mlandu.

Amayi akuti wogula woyamba sakwiyitsidwa. Iwo ankagulitsa masamba. Ine chimene ndikugulitsa ndi diso, ndiye ndikalitsinzina tsiku loyamba lomwe, ndatsegula malonda anji? Mukanakhala mlendo ndikanakuuzani zomwezi, ndipo mlendoyo akanathokoza.

Mundiuze ngati mwakonza. Ndionanso ulere.

Mlongo wanu,
Thuc

Hong Ngu, 25 Ogasiti

Thuc,

Ndikanati tadzuka bwino koma abambo ako akumva. Bokosi ukaliona lopepuka usafunse kondakitala, sanabe kanthu. Ndaika anyezi basi.

Ndinakupempha chinthu chimodzi, chaching'ono, chimene ngakhale mkazi wogulitsa nzimbe pa siteji amachidziwa. Mlongo wako anabwera kuno dzulo, ndinamuphikira msuzi wowawasa umene amaukonda, anangouyang'ana. Akuti masamba a zolakwa amene unamutumizira ndi ambiri kuposa pulogalamu yeniyeniyo. Munthu wakupatsa dzanja, iwe wamuwerengera zipsera.

Tsopano tandiuza, wogula wachiwiri wabwera? Usayankhe, ndikudziwa. Wabwera bwanji pakhomo pamene woyamba anatuluka akutukwana? Tsoka limenelo waliitana wekha, ndipo lalowa pamodzi ndi mwezi wa mizimu. Tenga pepala, uliyatse, ulizungulize pakhomo ndi pa kompyuta yakoyo, kenako uliponye kunja n'kulidumpha. Anzako akaseka, aseke. Ukamaliza ulembere mlongo wako kalata yopepesa, yopanda mawu oti "koma".

Ndinakubereka ndi pakamwa pakuthwa, ndimadziwa kumene unatengera, koma ine ndinkadziwa nthawi yotseka.

Mayi ako

Hong Ngu, 20 Sepitembala

Thuc,

Za moyo wako sindifunsa, ndauona pa intaneti, uli bwino zedi. Amayi ali bwino. Ine ayi.

Kani pepala limene amayi anati uwotche linali ine? Unaona kuti makasitomala sakubwera, ndiye unatenga lipoti langa n'kulipachika patsamba lako ngati chitsanzo, mutu wake: "Onani zimene tinapeza m'pulogalamu yeniyeni ya kumaiwe." Anthu aseka, agawana, ndipo ndamva tsopano akuchita kulimbirana pakhomo pako. Mlosi sananame, dzanja langa ndi lopepukadi.

Unena kuti unafufuta mayina. Unafufuta langa ndi la a Luong, koma unasiya mayina a maiwe. Ndi anthu angati m'dziko muno ali ndi dziwe lotchedwa Bakha Wopunduka? Unasiyanso timawu tanga tam'mbali tija, poti ndi timene tikuseketsa anthu.

Quoi anadikira tsiku lokumbukira malemu apongozi aakazi, abale onse atadzaza nyumba, n'kuimirira ndi foni m'manja. "Amalume, tamverani ndakatulo ya mkamwini wanu." Anawerenga pang'onopang'ono, mawu ndi mawu: "Apa makina sadziyatsa okha chifukwa nkhalamba ikuopa bilu ya magetsi. Ikadzagona m'bokosi ndidzakonza." A Luong anangoika timitengo todyera pansi n'kundifunsa kuti, "Bokosilo wagula kale, mwananga, kapena tisonkhe?"

Bowo limene unapezalo, katswiri iwe, ndinkalidziwa. Ndinakangana ndi a Luong chaka chonse chatha, iwo n'kumati makina akamadziyatsa okha antchito aphunzira tulo. Unawerenga ndi maso ako kuti si ine ndinafuna, komabe patsamba lako unalemba kuti "wolembayu sanaganizire za magetsi." Sabata yonseyi Diem akudya kukhitchini kuti asakhale pakati pa ine ndi bambo ake. Ndikamadutsa kumaiwe antchito akumandifunsa mtengo wa matabwa.

Ndinalemba mawu oipa, eya. Ndinawalemba pamalo pamene munthu aliyense wa ntchito yathu amalembapo akatopa, podziwa kuti awerenga ndi mnzake wa ntchito yomweyo. Sindinkadziwa kuti mnzangayo ali ndi sitolo.

Usandilemberenso.

Hoan

Saigon, 24 Sepitembala

Achimwene,

Mwati ndisalembe, koma basi ikupitabe ndipo bokosi ndi la amayi. Ndikhulupirira mukudya.

Lipotilo ndalichotsa, ngakhale anthu analikopera kale. Za dzina la dziwe ndinalakwitsa. Koma tisanamizane, mawu a bokosi aja sindinalembe ine, ndipo ndinakuuzani mu Ogasiti kuti muwafufute. Nkhalamba zoopa bilu zadzaza dziko lonse. Ndikanalota bwanji kuti Quoi, munthu wosatha kulemba mzere umodzi, amawerenga masamba a anthu a makompyuta? Inu simunaone mmene zinalili kuno. Mnzanga mmodzi anali atabwerera kale ku ntchito yake yakale, mwini nyumba akuyeza chipinda changa ndi maso. Pepala la amayi ndinaliwotcha, ndinalidumpha, palibe chinasintha. Anthu ankafuna kuona ntchito yeniyeni, ndipo ntchito yeniyeni ndinali nayo imodzi yokha.

Tsopano mverani nkhani, mukhale pansi. A Luong anandiimbira okha dzana. Anati, "Mtsikana iwe, diso lako ndalikonda. Mlongo wako pakamwa pake mponunkha, koma mwana wanga amamukonda, ndiye ndimupatsa mwayi umodzi." Akuti mukhoza kukonza makina aja mmene mumafunira. Koma kuyambira lero chilichonse chimene mulembe chizidzera kwa ine, ndipo chisakhudze madzi awo ndisanavomereze. Akuti abweretsanso alimi anzawo a m'bungwe lawo. Ndikakana, makiyi apita kwa Quoi, ndipo inu mukhala mlendo wongodya m'nyumba ya eni.

Ndavomera. Munena kuti ndavomera chifukwa cha makasitomala. Nenani. Ine ndikudziwa kuti ndakusungirani denga, ndipo chimene munakangana nawo chaka chonse ndachipeza pa foni imodzi. Zikomo wanu sindikumudikira.

Thuc

Hong Ngu, 16 Okutobala

Alamu,

Sitinalemberanepo, ndipo sindinkafuna kuyamba chonchi. Bambo ali bwino. Nsomba zili bwino. Magetsi athima kangapo sabata ino, koma makina akudziyatsa okha. Ndayamba ndi zimenezi poti ndi zimene mumafuna kumva.

Mwamuna wanga wachoka.

Anakonza pulogalamu ija osalankhula ndi munthu, n'kuitumiza kwa inu monga analamulidwa. Yankho lanu linapita kwa bambo, poti ndiwo olipira. Iwo analisunga mpaka nthawi ya chakudya, antchito onse alipo, ndiye anagogoda patebulo. "Mkamwini, mlongo wako wamng'ono wakuloleza. Akuti ntchito yabwino. Quoi, mupatse mutu wa nsomba, mwana wakhoza mayeso." Onse anaseka. Ngakhale ine ndinamwetulira, ndinkangofuna zithe, ndipo iye anandiona. Anamaliza mpunga wake, anatsuka mbale yake yekha. M'mawa mwake chikwama panalibe, kompyuta yake panalibe, makiyi a nyumba ya makina anali pamsomali.

Kwa amayi anu kulibe. Iwo akuti wolakwa ndine, bambo akuti mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka, ine ndikuti ndinu nonse. Mumati mukumusungira denga. Munamufunsa ngati angagone pansi pa denga logwiridwa ndi mlongo wake wamng'ono? Ndine woyembekezera, alamu, ndipo iye akudziwa. Munthu wochoka akudziwa zimenezo ndiye kuti zamufika pakhosi.

Kondakitala akuti anatsikira ku Saigon. Mumzinda umenewo sadziwa khomo lina koma lanu, ndipo njala ikamupana adzagogoda. Chikwatiwire sindinakupemphenipo kanthu, lero ndikupempha chimodzi. Akabwera musamukonze. Kaya wavala malaya chotembenuza, kaya wanena kuti njati imauluka, inu muziti eya. Mupatseni mpunga, mundiimbire.

Mlamu wanu,
Diem

Saigon, 27 Okutobala

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira thupi likukulolani kudya. Ndalemba kalata chifukwa ndagwira foni kangapo, mawu osatuluka.

Anabwera Lachitatu masana. Aonda, ndevu zamera. Anaima pakhomo pa ofesi n'kuyang'ana anthu atsopano amene ndawalemba ntchito.

"Malonda akuyenda," anatero.

"Akuyenda, achimwene."

Ndinawatengera pakona kokadya mpunga ndi nyama yowotcha, anadya mbale ziwiri. Sindinafunse kumene akugona. Anati khofi wa ku Saigon ndi madzi otsukira mbale, ndinati eya. Anati dzina la malonda anga likumveka ngati la mankhwala a chifuwa, ndinati eya. Nditatenga foni kuti ndikuimbireni, anati ndidikire kaye, ali ndi ntchito yoti andipatse.

Anatulutsa kompyuta. Akuti kampani ina yawapatsa mayeso olowera ntchito, kapulogalamu kakang'ono koyang'anira katundu wa m'sitolo. "Tandionera, katswiri. Ndilipira, usaope."

Ndinayang'ana. Alamu, ntchito inali yaukhondo kuposa ya anthu ena amene ndimawalipira. Koma chapamwamba pomwe panali cholakwa choti ngakhale wophunzira wa chaka choyamba angachione. Katundu akatha m'sitolo, iko kamapitiriza kugulitsa. Lilime linandiyabwa. Ndinakumbukira kalata yanu, ndinayang'ana mmene malaya awakulira.

"Zili bwino, achimwene. N'zokongola."

"Waona bwinobwino?"

"Ndaona. Tumizani."

Anatseka kompyuta pang'onopang'ono.

"Ndinaikamo dala," anatero. "Mu Ogasiti unandivula, koma unkalankhula ndi munthu wantchito. Lero ukulankhula ndi wodwala. Wakuuza kuti ndafika pamenepo ndani, Diem kapena amayi?"

Analipira mpunga wa tonse awiri, ine ndikukana, n'kukwera njinga yamoto ya hayala. Ndinathamanga mpaka pamphambano, koma mumsewu uja zipewa za okwera njinga zonse n'zofanana.

Ndakukwiyirani, alamu, ndakwiyira amayi, ndipo mtima ukundipweteka moti ntchito za anthu zaunjikana osatsegulidwa. Nonse munkafuna ndiphunzire kumwetulira. Ndamwetulira, ndipo mwaona. Amayi musawauze kaye kuti anafika kuno.

Ine ananditsekera foni kalekale, koma yanu mwina adzayankha chifukwa cha mwanayo. Akayankha musayambe ndi kulira. Muwauze kuti Thuc akuti cholakwa chili pa mzere wachisanu ndi chinayi, ndipo ndinachiona asanachotse n'komwe dzanja lawo pa kompyuta.

Ndine mlamu wanu,
Thuc